Msewu wofika kudoko: tiyambe ndi madzi

Tonse tikudziwa zimene zimachitika mvula ikagwa: lole ya usipa imaima kumsewu waukulu, amayi n'kumasenza matumba pamutu, ndipo wogula amatsitsa mtengo chifukwa wavutika kutipeza. Wodwala naye timamunyamula pa njinga chifukwa ambulansi siifika. Tisanagwire makasu, tiyeni timvetsetse mmene msewu wa galimoto umamangidwira.

Choyamba ndi malo. Tikhale pansi ndi amfumu komanso eni minda, tigwirizane podutsa. Munda wa munthu sitilanda, manda sitidutsapo. Msewu woyamba ndi mkangano sukhalitsa. Tisankhe pamtunda, tipewe dambo la makande, ndipo tisayandikire gombe kwambiri. Chaka cha 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu ku Mangochi kuno.

Chachiwiri, mdani wamkulu wa msewu si galimoto ayi, ndi madzi. Pakati pa msewu pazikhala pokwera pang'ono ngati msana wa ng'ombe, kuti madzi azitsetserekera m'mbali. Mbali zonse ziwiri tikumbe ngalande, ndipo pakadutsa kamtunda tizipatutsa madziwo kupita kutchire asanapeze mphamvu yokumba chigwembe. Dothi lochokera m'ngalande ndi lomwelo tikwezere pakati. Podutsa khwawa tiike kalavati, kapena tiyale miyala ndi simenti pansi kuti madzi azidutsa pamwamba.

Mulifupi mukhale mamita 4 kapena 5, ndipo m'malo ena tikulitseko kuti lole ndi ngolo zizipatukirana. Pamchenga matayala amatitimira, choncho tithirepo dothi lofiira losakanikirana ndi timiyala, tiwaze madzi, tisinje pang'onopang'ono mpaka lilimbe. Zitsa tizule ndi mizu yomwe, chifukwa zikawola pamatsala dzenje. M'mphepete tibzale udzu wa vetiva ugwire nthaka.

Ntchitoyi ndi ya chilimwe, tikatha kukolola mpunga, mvula ya Novembala isanayambe. Ikatha, tisaiwale kufukula ngalande chaka chilichonse, banja lililonse chigawo chake.

Mtumiki Muhammad (SAW) anatiphunzitsa kuti ngakhale kuchotsa chopunthwitsa panjira ndi sadaka. Nanga kuli bwanji kutsegula njira imene mayi woyembekezera adzafikire kuchipatala usiku? Tikambirane nkhaniyi tikatha swala ya Ijumaa. Allah atipatse mphamvu ndi umodzi. Ameen.