Mutare ikuonetsa chifukwa chake maiko a SADC asamadalire gwero limodzi la mphamvu

MUTARE – Mzinda wa Mutare, womwe uli m'malire a Zimbabwe ndi Mozambique, ukuonetsa bwino lomwe vuto limene maiko a kummwera kwa Africa ali nalo pa nkhani ya mphamvu. Maikowa akufuna magetsi ndi mafuta okwanira komanso osadukiza, koma pa nthawi yomweyo analonjeza kuchepetsa mpweya woipa umene ukusokoneza nyengo pa dziko lonse.

Mzindawu, womwe ndi likulu la chigawo cha Manicaland ndipo uli ndi anthu oposa 220,000 malinga ndi kalembera wa 2022, ndi khomo lolowera mafuta ambiri a galimoto omwe Zimbabwe imagula kunja. Uli ndi nthambo za magetsi zoulumikiza ndi Mozambique, ndipo wazunguliridwa ndi mapiri omwe mitsinje yake ikupukusa kale magetsi. Zomwe zachitika kuno pa zaka 60 zapitazi zikupereka phunziro limodzi kwa maiko onse a m'bungwe la SADC: dziko lodalira njira imodzi kapena mtsinje umodzi limakhala pa chiopsezo, kaya mphamvu yakeyo ikuchokera ku mafuta, ku malasha kapena ku madzi.

Paipi ya mafuta yochokera ku Beira

Kunja pang'ono kwa mzindawu kuli malo otchedwa Feruka, komwe kumafikira paipi ya mafuta yotalika makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku doko la Beira. Paipiyi inamangidwa m'zaka za m'ma 1960 kuti izibweretsa mafuta osayenga ku fakitale ya ku Feruka. Koma fakitaleyo inatsekedwa mu 1966, boma la Ian Smith litalengeza ufulu wake mosatsata malamulo ndipo dziko la Britain linatumiza sitima za nkhondo kukatchinga mafuta opita ku Rhodesia kudzera pa Beira.

Paipiyi inayambanso kugwira ntchito mu 1982, tsopano ikunyamula petulo ndi dizilo woyenga kale. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inkaphwanyidwa kawirikawiri, moti Zimbabwe inatumiza asilikali ake kukailondera pamodzi ndi msewu komanso njanji ya ku Beira. Pambuyo pake panamangidwa paipi ina yochokera ku Feruka kukafika ku Msasa, mu mzinda wa Harare.

M'mwezi wa Marichi 2019 chiopsezo chinabwera kuchokera ku nyengo. Namondwe wa Idai anaomba mzinda wa Beira n'kupitirira mpaka m'maboma a Chimanimani ndi Chipinge, kummwera kwa Mutare, komwe anapha anthu mazanamazana ndi kugwetsa milatho ndi mapolo a magetsi. Zipangizo za pa doko zitaonongeka, kupopa mafuta kunaima kwa masiku angapo. Namondwe mmodzi anakwanitsa kugwedeza njira yomwe chuma cha dziko lonse chimadalira.

Pamene madzi a Kariba atsika

Pa nkhani ya magetsi, Mutare imadalira nthambo za dziko lonse, zomwe mphamvu yake yambiri imachokera malo awiri akutali: damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, ndi fakitale ya malasha ya Hwange. Makina a Zimbabwe a pa Kariba angathe kupukusa mamegawati 1,050 chiwakulitsireni mu 2018, koma amatero pokhapokha madzi akakhalapo okwanira.

Mu 2019 chilala chinachititsa kuti magetsi azithima mpaka maola 18 pa tsiku m'mizinda ya Zimbabwe. Kumapeto kwa Novembala 2022, bungwe la Zambezi River Authority, lomwe limayang'anira damuli m'malo mwa Zambia ndi Zimbabwe, linauza kampani yopukusa magetsi ya Zimbabwe kuti yamaliza madzi omwe inapatsidwa chaka chimenecho. Mu 2024, chaka cha chilala cha El Niño, bungweli linagawa makyubiki mita 16 biliyoni okha kwa maiko awiriwa, poyerekeza ndi 30 biliyoni a chaka cha 2023. Ku Lusaka makomo ambiri ankaona magetsi kwa maola owerengeka chabe pa tsiku.

Dziko la Malawi linaphunzira zomwezi kudzera m'madzi osefukira. Magetsi ake ambiri amapukusidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anatayika mpaka mu 2023. Popeza nthambo zikuluzikulu za Malawi zinali zisanalumikizidwe ndi za maiko oyandikana nawo, dzikolo silikanatha kugula magetsi kunja kuti litseke mpatawo.

Magetsi akathima m'madera a Sakubva, Dangamvura ndi Chikanga mu Mutare, owotcherera zitsulo, ometa ndi a zigayo amaimitsa ntchito, mafakitale ocheka matabwa amayatsa majenereta a dizilo, ndipo mabanja amabwerera ku nkhuni ndi makala. Motero kusowa kwa magetsi kumaonjezera mpweya woipa ndi kudulidwa kwa mitengo m'mapiri ozungulira mzindawu, zinthu zomwe boma linalonjeza kuchepetsa.

Zomwe maiko a SADC anagwirizana

Mgwirizano wa maiko a m'chigawo chino pa za magetsi unakhazikika mu 1995, pamene anakhazikitsa bungwe la Southern African Power Pool, mwachidule SAPP, lomwe ofesi yake ili ku Harare. Bungweli limasonkhanitsa makampani a magetsi a maiko 12 kuti azigulitsana mphamvu. Maganizo ake anali akuti maiko a kumpoto, omwe ali ndi mitsinje ikuluikulu, ndi a kummwera, omwe ali ndi malasha, azithandizana mbali ina ikaperewera. Mu 1996 atsogoleri anasainira pangano la SADC la za mphamvu.

Mu 2012, ku Maputo, SADC inavomereza ndondomeko ya zomangamanga yomwe inaika mulingo woti mphamvu zosatha, monga za madzi, dzuwa ndi mphepo, zifike pa 33 peresenti ya magetsi a m'chigawochi pofika 2020, ndi 39 peresenti pofika 2030. Mu 2015 nduna za zamphamvu zinavomereza kukhazikitsa bungwe la SACREEE, lomwe lili ku Windhoek m'dziko la Namibia, kuti lizilimbikitsa mphamvu zosatha ndi kagwiritsidwe ntchito ka magetsi mosaononga. Mu 2017 ndunazi zinavomereza ndondomeko yapadera ya mphamvu zosatha yofika chaka cha 2030.

Dziko lililonse linaperekanso lonjezo lake potsatira pangano la ku Paris la 2015. Mu 2021 Zimbabwe inalonjeza kuchepetsa ndi 40 peresenti mpweya woipa wotulutsidwa pa munthu aliyense pofika 2030, poyerekeza ndi momwe ukanakhalira popanda kuchitapo kanthu. Chaka chomwecho Malawi inalonjeza 51 peresenti pofika 2040, pamene Zambia inati ingafike pa 47 peresenti pofika 2030 ikalandira thandizo lokwanira. Gawo lalikulu la malonjezowa likudalira ndalama zochokera kunja. Kwa Malawi, 6 peresenti yokha ndiyo yomwe dzikolo linati lingakwanitse ndi chuma chake.

Mitsinje ing'onoing'ono ya ku Manicaland

Mapiri a kummawa kwa Zimbabwe amalandira mvula yambiri kuposa madera ena onse a dzikolo, ndipo mitsinje yake imatsetsereka mothamanga. Apa sipafunika damu lalikulu. Omanga amapatutsa gawo la madzi pamwamba pa phiri, kuwatsitsa m'mipope yachitsulo kuti akazunguze makina kumunsi, kenako n'kuwabwezera mu mtsinje. Palibe mudzi womwe umamizidwa, ndipo ntchito imatha msanga.

M'chigwa cha Honde, kumpoto kwa Mutare, kampani ya Nyangani Renewable Energy yamanga malo angapo otere kuyambira mu 2010, kuphatikizapo Nyamhingura, Duru ndi atatu otchedwa Pungwe. Aakulu mwa onsewa, a Pungwe B, amapukusa mamegawati 15. Magetsiwa amagulitsidwa ku kampani ya boma yogawa magetsi.

M'boma la Mutare momwemo, ku Chipendeke, bungwe la Practical Action linathandiza anthu a m'deralo kumanga makina a makilowati 25 omwe anayamba kupereka magetsi ku chipatala chaching'ono, sukulu, magolosale ndi makomo. Ntchitoyi inali mbali ya pologalamu yothandizidwa ndi European Union yomwe inafikanso m'chigawo cha Manica ku Mozambique ndi ku Bondo, m'mbali mwa phiri la Mulanje ku Malawi. Makilowati 25 ndi ochepa kwambiri pa chiwerengero cha dziko, koma ndi okwanira kusunga katemera mu fuliji ndi kuunikira chipinda cha amayi oyembekezera usiku.

Komabe makina oterewa ali ndi malire ake. Popeza alibe damu losungira madzi, mphamvu yake imatsika m'chilimwe, makamaka kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Imeneyi ndiyo miyezi yomwe dzuwa limaomba kwambiri, ndipo n'chifukwa chake magetsi a dzuwa ndi a madzi amayenerana. Magetsi a dzuwa akagwira ntchito masana, madzi a m'madamu akuluakulu monga Kariba amasungika kuti agwiritsidwe ntchito madzulo, pamene anthu ambiri amaphika ndi kuyatsa nyali. Malawi inayamba njirayi ndi malo a mamegawati 60 ku Salima mu 2021, ndi a mamegawati 20 ku Golomoti mu 2022, omwe alinso ndi mabatire osungira mphamvu.

Pa mafuta a galimoto, chigawo cha Manicaland chili ndi fakitale ya Green Fuel ku Chisumbanje, yomwe imapanga ethanol kuchokera ku nzimbe. Kuyambira mu 2013 malamulo a Zimbabwe anakakamiza kusakaniza ethanol ndi petulo, ndipo mulingo wake wakhala ukufika pa 20 peresenti m'nyengo yokolola nzimbe. Izi zimachepetsa mafuta odutsa m'paipi ya ku Beira, ngakhale kuti minda ya nzimbeyo inabweretsa mikangano ya malo ndi alimi a m'deralo. Malawi nayo yakhala ikusakaniza ethanol wa ku Dwangwa ndi petulo kuyambira mu 1982.

Chomwe chikuchedwetsa ntchito

Ndondomeko ya Zimbabwe ya mphamvu zosatha ya 2019 inaika mulingo wa mamegawati 1,100 pofika 2025 ndi 2,100 pofika 2030, osawerengera madamu akuluakulu. Chaka cha 2025 chinafika dzikolo lili kutali ndi mulingo woyambawo, ngakhale kuti bungwe loyang'anira za mphamvu la ZERA linali litapereka ziphaso kwa makampani ambiri.

Chifukwa chachikulu ndi ndalama. Womanga malo opukusira magetsi amakongola madola kunja ndipo amabweza kwa zaka zambiri. Akamalipidwa mu ndalama ya m'dziko yomwe ikutsika mphamvu, kapena wogula magetsiwo akamachedwa kulipira, mabanki sabwereketsa. Mu Disembala 2022 boma la Zimbabwe linalengeza kuti lidzatsimikizira makampani a magetsi a dzuwa mtengo woyenera ndi mwayi wosintha ndalama zawo kukhala zakunja, pofuna kuthetsa mantha amenewa.

Pakali pano mpata waukulu watsekedwa ndi malasha. Mu Ogasiti 2023 Zimbabwe inatsegulira makina awiri atsopano ku Hwange a mamegawati 600, omangidwa ndi ngongole yochokera ku China. Makinawa anachepetsa kuthima kwa magetsi, koma akuonjezera mpweya womwe dzikolo linalonjeza kuchepetsa. Ndalama za ntchito zotere zayambanso kuvuta, popeza mu Seputembala 2021 dziko la China linalengeza kuti silidzamanganso mafakitale atsopano a magetsi a malasha kunja kwa dziko lake.

Vuto lina ndi nthambo. Mutare ili ndi nthambo za makilovoti 110 zopita ku damu la Chicamba pa mtsinje wa Revue ku Mozambique, ndipo Zimbabwe imalandira magetsi a Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete, kudzera pa nthambo za Songo mpaka Bindura. Koma pa msika wa SAPP zimachitika kuti wogula ndi wogulitsa agwirizana mtengo, magetsi n'kulephera kudutsa chifukwa nthambo zadzaza. Komanso Cahora Bassa ili pa Zambezi yemweyo, choncho chilala cha 2024 chinatsitsanso madzi ake. Pofuna kuthana ndi vuto la kusalumikizana, maboma a Malawi ndi Mozambique anagwirizana zomanga nthambo za makilovoti 400 kuchokera ku Matambo, ku Tete, kukafika ku Phombeya m'boma la Balaka.

Pamene chaka cha 2030 chikuyandikira, kupambana kwa ndondomeko za SADC kudzaoneka pa zinthu zitatu: kuchuluka kwa magwero osiyanasiyana omwe alumikizidwa, kulimba kwa nthambo zodutsa malire, ndi kukhulupirika kwa makampani a boma polipira magetsi omwe agula. Mutare ili ndi mitsinje, dzuwa, utuchi wa m'mafakitale a matabwa ndi malire oyandikira. Ngati zimenezi zitagwiritsidwa ntchito pamodzi, chilala cha pa Zambezi kapena namondwe wa ku Beira sadzakhalanso ndi mphamvu yoimitsa mzinda wonse nthawi imodzi.