Chimwala cha ku Cannon Hill ndi Mitsinje ya Madzi Oundana

Mtsinje wa Rea usanafike ku Nechells umadzera kaye ku paki ya Cannon Hill. M'pakimo muli chimwala chachikulu chosiyana ndi miyala ya mumzinda wa Birmingham. Akatswiri a miyala anapeza kuti kwawo kwa chimwalachi ndi ku mapiri a Arenig, kumpoto kwa Wales, mtunda wa makilomita oposa 100. Sichinabwere pa ngolo kapena pa sitima ayi. Chinanyamulidwa ndi madzi oundana zaka pafupifupi 450,000 zapitazo, nthawi imene dera lonseli linali litakutidwa ndi ayezi.

Kodi madzi oundana anganyamule bwanji mwala? M'madera ozizira kwambiri, chipale chofewa chimagwa chaka ndi chaka osasungunuka chonse. Chatsopano chimapsinja chakale mpaka chapansicho chimasanduka ayezi wolimba. Ayeziyo akachuluka amalemera, ndipo amayamba kutsetsereka pang'onopang'ono monga limachitira phala lokhuthala pa mbale yopendekeka. Umenewu ndiwo mtsinje wa madzi oundana, umene pa Chingerezi amati glacier. Poyenda umazula miyala n'kuinyamula, ndipo ukasungunuka umaisiya pomwe wathera.

Kuti amvetse bwino zimenezi, asayansi anayenera kupita kumene mitsinje yotereyi ikadalipo. Mmodzi wa iwo anali Raymond Priestley, amene pambuyo pake anatsogolera Yunivesite ya Birmingham kuyambira 1938 mpaka 1952. Ali mnyamata, Priestley anapita kawiri ku Antarctica, dziko la ayezi la kumapeto kwenikweni kwa dziko lapansi chakummwera. Ulendo woyamba anapita ndi Ernest Shackleton mu 1907, ndipo wachiwiri ndi Robert Falcon Scott mu 1910. Ntchito yake inali kutola miyala ndi kulemba m'buku maonekedwe a ayezi.

Mu January 1912, sitima ya Terra Nova inasiya Priestley ndi anzake asanu pagombe lina kuti akafufuze kwa milungu yochepa. Tsiku lowatenga litakwana, sitimayo inalephera kufika chifukwa nyanja inatsekeka ndi ayezi. Nyengo ya chisanu, imene dzuwa silituluka kwa miyezi ingapo, inali pafupi, ndipo matenti awo anali atayamba kung'ambika ndi mphepo. Amuna asanu ndi mmodziwo anakumba phanga m'chipale cholimba pa chilumba cha Inexpressible. Phangalo linali lalifupi moti munthu sankatha kuimirira chilili. Ankadya nyama za m'nyanja zotchedwa seal ndi mbalame za penguin, ndipo mafuta a seal ndiwo ankaphikira ndi kuunikira. Pa 30 September 1912 anatuluka n'kuyamba ulendo wapansi wa makilomita oposa 300, akukoka katundu wawo. Onse anafika amoyo ku msasa wa Cape Evans pa 7 November.

Zimene Priestley analemba sizinatayike. Mu 1922, iye ndi mnzake Charles Wright anasindikiza buku lotchedwa Glaciology, lofotokoza za ayezi wa ku Antarctica. Lero mtsinje wina wa madzi oundana kumeneko umadziwika ndi dzina la Priestley.

Ofufuza a masiku ano ali ndi ndege, zovala zofunda ndiponso zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, koma ntchitoyi imafunabe kupirira. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amazika ndodo mu ayezi n'kubwerera chaka chotsatira kukayeza mtunda umene zasuntha ndi kuchuluka kwa ayezi amene wasungunuka. Amaboolanso pansi n'kutulutsa ayezi wautali wooneka ngati munsi. M'kati mwake mumakhala timpweya takalekale timene tinatsekeredwa. Pamalo otchedwa Dome C, ku Antarctica, anaboola makilomita oposa atatu n'kupeza mpweya wa zaka 800,000 zapitazo. Potero anadziwa kuti mpweya wotenthetsa dziko ndi wochuluka lero kuposa nthawi yonseyo.

Nayo Africa ili ndi madzi oundana pamwamba pa mapiri a Kilimanjaro, Kenya ndi Rwenzori. Pa Kilimanjaro, ku Tanzania, magawo oposa 80 pa 100 a ayezi amene analipo mu 1912 anatha kale. Ayezi wa pamtunda akasungunuka, madzi ake amathera m'nyanja zikuluzikulu, ndipo nyanjazo zikakwera zimaopseza mizinda ya m'zigwa za m'mphepete mwake, monga Beira ku Mozambique. N'chifukwa chake maulendo a ofufuzawa amakhudza ngakhale anthu amene sanaonepo chipale.

Mwana wa ku Nechells safunika kukafika ku Antarctica kuti ayambe kufufuza. Akhoza kupita ku Cannon Hill, kuchigwira chimwala chija, kuchiyeza, kuchijambula ndi kulemba zimene waona.

Mafunso

1. Kodi chimwala cha ku Cannon Hill chinachokera kuti, nanga chinafika bwanji?
2. Fotokozani mmene mtsinje wa madzi oundana umapangikira.
3. N'chiyani chinathandiza Priestley ndi anzake kupulumuka mu 1912?