Ntchito Yosaoneka ya Makalata Otsatsa Malonda pa Imelo

Aliyense amene anapitako kuchigayo tsiku la msika amaudziwa mwambo wake. Munthu amaika thumba lake pamzere napita kukagula mchere ndi sopo. Pobwerako apeza chimanga chagayidwa, ngakhale iye sanaimirire pomwepo. Umo ndi mmene amagwirira ntchito mapulogalamu a kompyuta amene makampani amatumizira makalata otsatsa malonda pa imelo.

Wamalonda akalemba kalata yake nalamula kuti ipite kwa anthu zikwizikwi, pulogalamu imamuyankha msanga kuti zatheka. Komatu pa nthawi imeneyo palibe kalata imene yanyamuka. Ntchitoyo yangolembedwa pamzere, ndipo yagawidwa m'timagawo ting'onoting'ono. Kuseri kuli timapulogalamu tina, tonga antchito a pachigayo, timene timatenga kagawo kamodzi, kukatsiriza, n'kubwerera kukatenga kena. Makalata oyenera kupita mawa m'mawa amadikira wosunga nthawi. Wotchuka mwa osunga nthawi otere ndi cron, amene anayamba ndi Unix ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970, ndipo akugwirabe ntchito mpaka lero.

Kalata iliyonse imayenda motsata malamulo a SMTP, amene Jon Postel anawalemba m'chaka cha 1982. Kompyuta yolandira imayankha ndi nambala. Ikati 250, ndiye kuti kalata yalandiridwa. Nambala yoyamba ndi 5, monga 550, ndi kukana kotheratu. Kawirikawiri keyalayo kulibe, ndipo pulogalamu yabwino imaichotsa pamndandanda. Koma nambala yoyamba ndi 4 itanthauza kuti vuto ndi la kanthawi chabe. Apo kalata imabwerera pamzere. Malamulo a SMTP a masiku ano amalangiza kudikira mphindi zosachepera 30 musanayesenso, ndi kusataya mtima mpaka patapita masiku 4 kapena 5. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono ntchito yochitikira kuseri ili ndi ngozi yake: ikaima, siimveka. Chigayo chikazima, mudzi wonse umadziwa chifukwa phokoso latha. Koma mzere wa makalata utha kuima usiku wonse popanda wozindikira. N'chifukwa chake akatswiri amayang'anira zinthu zitatu: kutalika kwa mzere, nthawi imene ntchito yakale kwambiri yakhala ikudikira, ndi kuchuluka kwa ntchito zolephera. Kapulogalamu kalikonse kamatumizanso chizindikiro pafupipafupi chosonyeza kuti kakugwirabe ntchito. Chizindikirocho chikasowa, woyang'anira amalandira chenjezo pafoni, ndipo kagawo kamene kanatsala panjira kamaperekedwa kwa kena.

Apa mpamene pafunika kusamala koposa. Ngati kapulogalamu kanazima katatumiza kale theka la makalata, kolowa m'malo mwake katha kuyambiranso pachiyambi, anthu n'kulandira kalata imodzimodzi kawiri. Pofuna kupewa zimenezi, kalata iliyonse ikapita imalembedwa m'kaundula, ndipo kaundulayo amaonedwa kalata ina isanatumizidwe. Ntchito imene yalephera kambirimbiri imaikidwa padera kuti munthu aifufuze yekha.

Kulakwitsa pa zimenezi kuli ndi mtengo wake. Kuyambira mu February 2024, Google inalamula kuti otumiza makalata oposa 5,000 patsiku kwa anthu a Gmail asalole madandaulo kufika pa makalata 3 mwa 1,000 alionse, ndiponso kuti munthu akapempha kuchotsedwa pamndandanda, achotsedwe pasanathe masiku 2. Yahoo nayo inaika malamulo ofanana nawo. Kuchotsa dzinako nakonso ndi ntchito ya pamzere. Mzerewo ukaima, wokana uja amalandirabe makalata, nadandaula. Madandaulo akachuluka, makalata a kampaniyo amayamba kutayidwa kudzala kapena kukanidwa kumene.

Motero wamalonda wanzeru sakhutira ndi mawu akuti zatumizidwa. Amabwerera kukaona ngati mzere ukuyenda, monga mwini chimanga amabwerera kuchigayo kukaona ngati thumba lake lasendera kutsogolo.