Kanema wa Kempe Gowda aonetsa mmene kusamutsa wapolisi kumasandukira chida cha zigawenga

Kanema wa Kempe Gowda, yemwe anatuluka m'chaka cha 2011 m'chiyankhulo cha Kannada, amafotokoza za wapolisi wokana ziphuphu yemwe akulimbana ndi mkulu wa zigawenga wodziwana ndi anthu a maudindo.

Kannada ndi chiyankhulo cha boma m'chigawo cha Karnataka, kummwera kwa dziko la India. Likulu la chigawochi ndi Bengaluru, ndipo dzina la kanemayu ndi la mfumu yomwe inakhazikitsa mzindawu m'chaka cha 1537.

Katswiri wa zisudzo, Sudeep, ndiye anatsogolera ntchito yojambula kanemayu komanso kusewera ngati wapolisiyo, pamene P. Ravi Shankar anasewera ngati chigawenga chotchedwa Armugam. Nkhani yake inatengedwa m'kanema wa chiyankhulo cha Tamil wotchedwa Singam, wa m'chaka cha 2010.

Mkangano wa awiriwa umayambira pa belo. Bwalo la milandu limalamula Armugam kuti azikasayinira kupolisi ya m'tauni yaing'ono komwe Kempe Gowda amagwira ntchito, koma iye amatuma munthu wina kukasayina m'malo mwake.

Wapolisiyo amakana chinyengocho ndipo amalamula kuti mwini wake afike yekha. Pofuna kubwezera manyazi amenewa, Armugam amagwiritsa ntchito anzake a maudindo kuti Kempe Gowda asamutsidwire mumzinda, komwe chigawengacho chili ndi mphamvu zomuzunza.

Apa ndi pomwe kanemayu akukhudza vuto lenileni la apolisi a ku India, komwe anthu akhala akudandaula kuti andale amasamutsa apolisi amene akana kuwamvera.

M'chaka cha 2006, poweruza mlandu womwe anakasuma ndi Prakash Singh, mkulu wa apolisi wopuma, bwalo lalikulu la Supreme m'dzikolo linalamula kuti akuluakulu oyang'anira ntchito za chitetezo m'madera, kuphatikizapo mkulu wa siteshoni ya polisi, azikhala pamalo amodzi kwa zaka zosachepera ziwiri.

Bwalolo linalamulanso kuti chigawo chilichonse chikhazikitse komiti ya akuluakulu a polisi yoona za kusamutsa ndi kukweza apolisi a maudindo apansi, ndi cholinga chochepetsa kulowerera kwa andale.

Komabe, monga zimakhalira m'makanema ambiri a mtunduwu, nkhani ya Kempe Gowda imathera pa mfuti osati m'bwalo la milandu, zomwe malamulo a dzikolo saziona mopepuka.

M'chaka cha 2014, bwalo lomwelo linapereka mfundo 16 zoyenera kutsatidwa munthu akafa powomberedwa ndi apolisi. Zina mwa mfundozi ndi zoti imfayo ilembedwe ngati mlandu, ifufuzidwe ndi apolisi ena osakhudzidwa, ndiponso kuti wowomberayo asakwezedwe pa udindo kapena kupatsidwa mphoto mwamsanga zoona zake zisanadziwike.