MWANA WA DZIKO LOUMA AMENE ATUNGA MADZI MU MPWEYA

Kodi munthu angatunge madzi popanda citsime, popanda mtsinje ndiponso popanda mvula? Ambiri a ife tingayankhe kuti zimenezo ndi nthano zosimbira ana pamoto. Komatu Profesa Omar Yaghi, katswiri wa kemisitiri, anaonetsa kuti zimenezi n'zotheka.

Bambo Yaghi anabadwa m'caka ca 1965 mu mzinda wa Amman, m'dziko la Jordan. Makolo ao anali othawa nkhondo ocokera ku Palestine. Banja lonse linali kugona m'cipinda cimodzi pamodzi ndi ziweto, ndipo magetsi munalibe. Madzi anali kufika m'mipopi kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, kwa maola ocepa cabe. Mwanayo anali kulawira m'mamawa kukatsegula mipopi kuti banja lisaphonye tsikulo. Ali ndi zaka 10 anaona zithunzi za mamolekyu m'buku lina la m'laibulale ya pasukulu, ndipo mtima wace unagwidwa nazo ngakhale sanadziwe tanthauzo lace.

Atakwanitsa zaka 15, atate ace anamulimbikitsa kupita ku America kukaphunzira. Anayambira pa koleji yaing'ono ya ku Troy, m'cigawo ca New York, nadzatenga digiri ya udokotala pa University of Illinois mu 1990. M'caka ca 1992 anayamba kuphunzitsa ndi kufufuza pa Arizona State University.

Funso limene linali kuwasautsa linali lakuti: kodi sitingamange zinthu zatsopano ndi mamolekyu monga mmisiri amangira nyumba, podziwiratu pamene mtengo uliwonse udzakhala? Taganizirani nyumba imene yaimikidwa nsici ndi phaso koma siinamatidwe. Pamfundo pamene mitengo ikumana pali tinthu tating'ono ta citsulo, monga zinki kapena kopa. Mitengo yolumikiza mfundozo ndi mamolekyu a kaboni. Pakati ponse pamatsala zipinda zopanda kanthu, zazing'ono kwambiri mwakuti maso sangazione. Mu 1995 Bambo Yaghi anacha zinthu zotere dzina lakuti metal–organic frameworks, mwacidule MOF.

Akatswiri anzao ambiri anakayika. Iwo anali kunena kuti zomangidwa zotere zidzagumuka zipindazo zikangokhala zopanda kanthu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1999 gulu lao linatulutsa MOF-5, imene siinagumuke ngakhale itatenthedwa kufika pa madigiri 300. Pooneka ingokhala ngati mcere, koma mutati muyale makoma onse a zipinda za m'magalamu awiri okha, angakute bwalo lonse la mpira. Pa makoma amenewo ndi pamene mpweya umamatirira ndi kusungika.

Mu 2012 anasamukira ku University of California, Berkeley, ndipo kumeneko anakumbukira ludzu la paubwana. Mu 2017, mogwirizana ndi akatswiri a ku MIT, anaonetsa kacipangizo kotunga madzi mu mpweya. Usiku ufa wa MOF umayamwa cinyezi ca mu mpweya, ngakhale m'malo ouma. Dzuwa likatuluka limatenthetsa ufawo, cinyezi cimacoka ngati nthunzi, ndipo ikakhudza malo ozizira imasanduka madontho a madzi akumwa. Zipangizo zotere zinayesedwa m'cipululu ca Arizona ndi ku Death Valley, ndipo madzi anapezeka. Tisafulumire kukwirira zitsime zathu: madzi amene anatungidwa m'mayeso amenewo anali ocepa, ndipo nchito yocepetsa mtengo wa zipangizozi ndi yaikulu. Komabe njira inatseguka.

Kukula kwa katswiri kumaoneka ndi anthu amene atsata mapazi ace. Pofika 2025, ofufuza a m'maiko ambiri anali atapanga mitundu ya MOF zikwi makumimakumi. Ina ikuyesedwa pogwira mpweya woipa wa kaboni dayokisaidi m'mafakitale, ina posunga mipweya yapoizoni, ina pocotsa mankhwala oononga m'madzi. Zolemba za Bambo Yaghi ziri m'gulu la zimene akatswiri a kemisitiri amachula kawirikawiri koposa. Iwo anathandizanso kukhazikitsa malo ofufuzira ku Vietnam, ku Jordan ndi ku Malaysia, kuti acinyamata aluso aphunzire kufufuza ali kwao.

Pa 8 October 2025 kunalengezedwa kuti apatsidwa mphotho ya Nobel ya kemisitiri pamodzi ndi Richard Robson wa ku Australia, amene anayala maziko a nchitoyi mu 1989, ndi Susumu Kitagawa wa ku Japan.

Inu makolo, mwana wanu akabwera kunyumba ndi buku lodzala zithunzi zimene inu simukuzimvetsa, musamulande kuti akaone mbuzi. M'patseni nyale ndi nthawi. Makolo a Omar Yaghi anali osaphunzira kwenikweni, koma sanamutsekere njira ya kusukulu.