Foni yanu isasokoneze mapemphero ndi maliro

Mwezi watha tinali kumanda pa mudzi wina kufupi ndi Boma la Lundazi, kuika mai wina wa mu mphakati mwathu. Bokosi litangotsikira m'dzenje, foni inalira nyimbo yovina mokweza. Anthu anayang'anana, ana a malemu anaweramitsa mitu. Foniyo inali yanga, ine mwini katekisti wotsogolera mapemphero. Ndinafufuza m'matumba manja akunjenjemera kufikira inaleka yokha.

Sindinaizime tsiku limenelo cifukwa akazi anga anali m'cipatala. Ambiri a inu muli ndi zifukwa zotere: wina ali ndi wodwala, wina ayembekeza uthenga wa ndalama za cimanga cimene anagulitsa. M'masiku a Celtel, imene inasanduka Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010, mafoni anali ocepa kumidzi kwathu kuno. Lero ngakhale agogo ali nayo m'cikwama. Conco kungolamula kuti "zimani mafoni" sikuthandiza. Cofunika ndi kudziwa kuitontholetsa.

Mdzukulu wanga ndiye anandiphunzitsa. Pa foni ya simati, wina akaimba dinikizani kamodzi batani la m'mbali locepetsera mau. Kulira kuleka pomwepo, koma woimbayo simunamudule. Mungathe kutuluka panja ndi kumuyankha. Pa mafoni ambiri a mabatani, monga Nokia ndi itel, gwirani batani la # kwa kanthawi, foni idzaleka kulira. Pambuyo pa mapemphero citani cimodzimodzi kuti mau abwerere.

Amene muli ndi wodwala, funani mau akuti "Do Not Disturb". Pa Android mungathe kusankha anthu ocepa amene foni idzawalola kulira, kapena kulola munthu woimba kaciwiri mkati mwa mphindi 15.

Pa 8 November 2017, malemu Papa Francis anadandaula ku Vatican kuti pa Misa wansembe amatiuza kukweza mitima, osati mafoni. Anati ngakhale ansembe ndi maepiskopi ena amalakwa pamenepa. Ine ndionjezapo makatekisti.

Acinyamata, Sondo ino tisanalowe m'chalichi, tengani foni ya amai kapena agogo anu, muwaonetse batani limeneli. Ine ndinapita kukapepesa kwa anamfedwa aja. Anandikhululukira, koma amai ao sitingawaikenso kaciwiri.