Cikoti, Likhweru ndi Makwerero: Nyimbo za m'Makanema a ku Italy

Pali nyimbo ina imene anthu okonda baisikopo amaizindikira ikangoyamba, ngakhale ambiri sadziwa dzina lace kapena munthu amene anaipeka. Imayamba ndi ng'oma yogunda pang'onopang'ono monga mtima wa munthu, ndipo pamwamba pa ng'omayo pamamveka mau akuthwa onga kulira kwa nkhandwe usiku. Nyimboyi ndi ya m'kanema wa makauboyi wa caka ca 1966 wochedwa The Good, the Bad and the Ugly. Ambiri amayesa kuti inacokera ku America, popeza nkhani ya kanemayo ndi ya kumeneko. Koma ai. Inapekedwa mu mzinda wa Rome, m'dziko la Italy, ndipo mwini wace anali Ennio Morricone, munthu amene anakhala ku Rome moyo wace wonse, wosalankhula Cingelezi.

Codabwitsa ndi ici: nyimbo imene anyamata amaiimba ndi likhweru m'miseu inabadwa ku mtundu wina wa nyimbo wobvuta kwambiri, umene anthu owerengeka okha ndiwo anali kupirira kuumvetsera kufikira mapeto.

Morricone anabadwa pa 10 November 1928. Atate wace anali woliza lipenga m'magulu oimbira anthu obvina, ndipo mwanayo anaphunzira lipenga lomwelo. Pa sukulu yaikuru ya nyimbo ya Santa Cecilia anaphunziranso kupeka nyimbo kwa Goffredo Petrassi, mmodzi wa akatswiri olemekezeka a m'dzikomo, natsiriza mu 1954. Cikhumbo cace cinali ca kupeka nyimbo za m'makonsati, zimene anthu amazimvetsera ali cete m'nyumba zazikuru. Koma nyimbo zotere sizidyetsa banja. Anakwatira mu 1956, ndipo mwana woyamba anabadwa caka cotsatira. Mu 1958 anapeza nchito ku RAI, nyumba ya wailesi ya dziko la Italy, koma anaileka tsiku loyamba lomwelo atamva kuti lamulo silinali kulola kuulutsa nyimbo zopekedwa ndi anchito a momwemo.

Caka comweco anapita ku Darmstadt, ku Germany, kumene opeka nyimbo zatsopano anali kusonkhana nthawi ya dzinja la kwao lisanafike. Kumeneko anaona John Cage wa ku America. Cage ndiye uja amene mu 1952 analemba nyimbo imene woimba amakhala pa piyano mphindi zinai ndi masekondi 33 osaliza kanthu, kuti anthu amve kutsokomola kwa anzao, kulira kwa mipando ndi mphepo ya panja. Ciphunzitso cace cinali cakuti mau ali onse, ngakhale a citseko kapena a madzi, angathe kukhala nyimbo ngati munthu awachera khutu.

Kwa Ataliyana ganizo limeneli silinali lacilendo kweni-kweni. Kale mu 1913 Luigi Russolo, amene anali wojambula zithunzi, analemba kabuku kakuti makutu a anthu a m'mizinda anazolowera phokoso la makina, motero nyimbo nazo ziyenera kulandira phokosolo. Anapanga mabokosi a matabwa okhala ndi lipenga kutsogolo ndi copukusa kumbuyo, obuma, okukuta ndi olira monga injini. Atawaonetsa ku Milan mu April 1914, msonkhano unathera m'nkhonya. Patapita zaka 41, mu 1955, Luciano Berio ndi Bruno Maderna anatsegula m'nyumba ya wailesi ya ku Milan cipinda copangira nyimbo ndi magetsi. M'menemo anali kujambula mau pa tepi, kuidula ndi lumo, kulumikiza zidutswa mwa njira yatsopano, kuiyendetsa camsanga kapena cobwerera m'mbuyo. Munthu wa kuno kwathu sangadabwe kwambiri ndi zimenezi, pakuti wopanga kalimba amamangirira dala tizitsulo kapena zitsekerero za mabotolo kuti kalimbayo izinjenjemera polira, ndipo kalimba yopanda phokosolo amaiyesa yosakoma. Koma ku Ulaya, kumene kwa zaka mazana ambiri anaphunzitsa kuti mau a coimbira ayenera kukhala oyera, cinali cinthu cokhumudwitsa.

Pobwera ku Darmstadt, Morricone anapeza cakudya cace m'kampani ya mbale za galamafoni ya RCA, kumene nchito yace inali yokonza zoimbira zoperekeza oimba nyimbo za cikondi ndi za dansi. Ngakhale kumeneko sanaiwale zimene anaphunzira. Mu 1960 Gianni Meccia anali ndi nyimbo yonena za citini, ndipo Morricone anaika m'mbalemo phokoso la citini ceni-ceni cogubuduka pansi. Mbaleyo inagulidwa kwambiri.

Tsono mu 1964 kunabwera Sergio Leone, amene anaphunzira naye limodzi ku sukulu ali ana. Leone anali kupanga kanema wa makauboyi, A Fistful of Dollars, ndi ndalama zocepa, pafupi madola 200,000. Anthu a ku Italy anali kukhulupirira kuti makauboyi abwino ndi a ku America okha, cifukwa cace opanga kanemayo anabisala m'maina a Cingelezi: Leone anadzicha Bob Robertson, Morricone nakhala Dan Savio. Makanema a makauboyi a ku Hollywood anali kuperekezedwa ndi gulu lalikuru la azeze ndi malipenga, ndipo ndalama zolipira gulu lotero panalibe. Morricone anatenga zimene zinalipo. Anaitana Alessandro Alessandroni, katswiri wa likhweru, pamodzi ndi kagulu kace ka oimba kochedwa I Cantori Moderni. Anaonjezapo gitala ya magetsi, imene panthawiyo inali ya anyamata a dansi, kacitoliro, belu, kulira kwa cikoti, ndi lipenga limodzi la Michele Lacerenza. Oimbawo sanapatsidwe nyimbo yaitali, koma mau afupi-afupi, obwereza, onga a amuna okoka mtengo wolemera.

Umphawi wokha sukadabala nyimbo zimenezi. Anthu ambiri anapanga makanema ndi ndalama zocepa, natuluka ndi nyimbo zosauka. Cimene cinasiyanitsa Morricone ndi cakuti iye anali ataphunzira kale kumva cikoti ndi belu monga zoimbira zokwanira, nadziwanso kuziyala mwa luso la ku Santa Cecilia.

Panalinso mwambo wina wa Ataliyana umene unamthandiza. Masiku amenewo pojambula kanema sanali kujambula mau nthawi yomweyo. Zithunzi zinali kutengedwa zokha, ndipo mau onse, a anthu, a akavalo, a mfuti, anali kuikidwa pambuyo pace m'nyumba yojambulira mau. Njirayi inalola kuti ocita sewero akhale a mitundu yosiyana: Clint Eastwood anali kulankhula Cingelezi, mnzace namyankha m'Citaliyana, wina m'Cijeremani. Motero panalibe phokoso ngakhale limodzi lolowa m'kanema mwangozi. Liri lonse linali losankhidwa, ndipo malire a pakati pa phokoso ndi nyimbo anali m'manja mwa anthu awiri aja. M'kanema waciwiri, For a Few Dollars More, wa 1965, kanyimbo ka m'wochi ya m'thumba ndiko kamalamulira nthawi yoombera mfuti: kakaleka kulira, munthu amafa. M'kanema wacitatu uja wa 1966 Morricone anayesa kufanizira kulira kwa nkhandwe ya ku America yochedwa coyote, napatsa yense wa amuna atatuwo mau ace-ace a kulira komweko: wina citoliro, wina kacitoliro kadothi, wina mau a anthu okuwa. Nyimboyi, itaimbidwanso ndi gulu la Hugo Montenegro, inakhala yoyamba pa mndandanda wa mbale zogulidwa ku Britain mu 1968.

Pa zaka zomwezo Morricone anali ndi moyo wina umene anthu a m'baisikopo sanali kuudziwa. Mu 1964 Franco Evangelisti anayambitsa ku Rome gulu lochedwa Gruppo di Improvvisazione Nuova Consonanza, ndipo Morricone analowamo m'zaka zace zoyamba monga woliza lipenga. Ena a m'gululo anali Egisto Macchi, Mario Bertoncini, Walter Branchi ndi John Heineman. Onse anali opeka nyimbo ophunzira, koma posonkhana sanali kubwera ndi pepala lolembedwa. Nyimbo inali kubadwa pomwepo, wina akumvetsera mnzace ndi kumyankha. Wina angaganize kuti cinali cipwirikiti ca anthu ocita zimene afuna. Sicinali cotero. Anali kudziletsa zinthu zambiri: kubwereza kanyimbo kozolowereka, kugunda nthawi monga ya dansi, ndiponso kudzikweza pamwamba pa anzao monga mtsogoleri. Anali kucita mayeso kawiri-kawiri, kujambula zimene aimba, ndi kukhala pansi kuzimvetsera ndi kudzudzulana. Bertoncini anali kutsegula piyano ndi kukhudza nsambo zace za m'kati ndi zinthu zosiyana-siyana. Morricone naye anali kuturutsa m'lipenga mpweya wokha, kung'ung'udza ndi kulira konga kwa nyama, zinthu zimene mphunzitsi wa lipenga amaletsa mwana tsiku loyamba. Kunena zoona, si zonse zimene gululo linajambula zimene ziri zokoma kuzimva, ndipo zina zimatopetsa ngakhale munthu wofatsa. Komabe m'cipinda cimeneco ndimo Morricone anali kunola khutu lace, ndipo anakhalabe m'gululo kufikira Evangelisti atamwalira mu 1980.

Njira ziwirizi zinakomana poyera mu 1968. Elio Petri anapanga kanema wochedwa Un tranquillo posto di campagna, wonena za wojambula zithunzi amene mutu wace unayamba kuzungulira, ndipo gulu la Nuova Consonanza linaimbamo. Anthu amene sakadalipira khobiri kukamva nyimbo zotere ku konsati anazilandira bwino m'baisikopo, cifukwa maso ao anali kuona cimene mau acilendowo anali kutanthauza. Ici Morricone anacigwiritsa nchito kawiri-kawiri m'makanema oopsya, monga a Dario Argento kuyambira mu 1970, m'mene kupuma kwa mkazi, kugunda kwa mtima ndi kulira kwa nsambo zosagwirizana kumalowa m'malo mwa nyimbo.

Koma citsanzo copambana ciri m'kanema wa Leone wa caka comweco ca 1968, Once Upon a Time in the West. Nyimbo zace zinapekedwa zithunzi zisanatengedwe, ndipo Leone anali kuziliza pa malo ojambulira kuti ocita sewero ndi makamera ziyende motsata nyimbo. Munthu ali yense wamkuru m'nkhaniyo ali ndi mau ace: mkazi wamasiye ali ndi mau a Edda Dell'Orso, woimba popanda kuchula liu, ndipo mlendo wobwezera cipongwe ali ndi coimbira ca pakamwa cochedwa harmonica, cimene Franco De Gemini anaciliza monga munthu wobanika. Pa ciyambi ca kanemayo, komabe, palibe nyimbo konse. Morricone anali atauza Leone za konsati ina imene anaiona ku Florence, m'mene munthu anakwera pa nsanja atanyamula makwerero, nayamba kuwagwedeza kuti alire. Anthu anayamba adabwa, koma m'kati mwa kacetecete uja kulira kwa makwererowo kunayamba kumveka monga cinthu ca tanthauzo. Leone anasunga nkhaniyi mumtima.

Motero kanemayo amayamba ndi amuna atatu odikira sitima pa siteshoni ya m'cipululu, kwa mphindi zoposa khumi, pafupi osalankhula. Cimene cimamveka ndi makina opopa madzi ndi mphepo, olira cifukwa ca dzimbiri. Madzi akudontha pa cipewa ca mmodzi. Wina akuthyola zala. Makina a telegalafu akugogoda, kufikira wacitatu awazula waya. Nchenche ikubvuta munthu yemweyo pa ndebvu, ndipo iye aitsekera mu mpope wa mfuti, namvetsera kulira kwace m'menemo. Mau ali onsewa amalowa, kuleka ndi kubweranso pa nthawi yoyesedwa bwino monga zoimbira za m'gulu, ndipo woonera amagwidwa ndi mantha asanaone coopsya ciri conse. Potsiriza sitima imabwera ndi mkokomo wace, ndipo itacoka pamamveka harmonica uja.

Kuchuka kumeneku kunali ndi mtengo wace. Petrassi sanali kuyesa nyimbo za m'makanema nchito yoyenera wopeka nyimbo weni-weni, ndipo anzace ambiri a Morricone a ku sukulu anamuona monga munthu wogulitsa luso lace. M'kanema wa moyo wace wochedwa Ennio, amene Giuseppe Tornatore anaturutsa mu 2021, mwini wace akusimba kuti kwa zaka zambiri anali kumva manyazi ndi nchitoyi. Ku America nako ulemu unacedwa. Nyimbo zace za m'kanema wa The Mission, wa 1986, sizinapate mphotho ya Oscar, cinthu cimene cinamuwawa. Oscar waulemu anampatsa mu 2007, ndipo Clint Eastwood ndiye anaimirira pambali pace kumasulira m'Cingelezi mau ace othokoza. Oscar wa mpikisano anaulandira mu 2016, ali ndi zaka 87, cifukwa ca kanema wa Quentin Tarantino, The Hateful Eight.

Anamwalira ku Rome pa 6 July 2020, atapekera nyimbo makanema oposa 400. Nyimbo zace za m'makonsati, zoposa 100, zimaimbidwa kamodzi-kamodzi. Mbale za gulu la Nuova Consonanza, zimene zinagulidwa ndi anthu owerengeka zitangoturuka, zinasindikizidwanso pambuyo pace, ndipo ina ya 1970 yochedwa The Feed-Back, imene pa cikuto cace sanalembepo maina a oimba, osonkhanitsa mbale zakale amaifunafuna ndi ndalama zambiri.